Thupi lafika, mwini wake akadali m'njira

Makampani ogulitsa maulendo a tchuthi a pa sitima zikuluzikulu za panyanja ali ndi langizo limodzi limene satopa kulibwereza: ngati doko lokakwerera sitima lili kutali moti mpaka muuluke usiku wonse, musakafike pa tsiku lonyamuka, kafikeni kudakali tsiku limodzi kapena awiri. Zifukwa amapereka ziwiri. Choyamba n'chakuti sitima sidikira munthu. Ndege ikangochedwa panjira, mukapeza padoko pali madzi okhaokha, ndalama zanu zitapita. Chachiwiri ndicho chandichititsa kutola cholembera. Ati ngakhale ndegeyo itere pa nthawi yake, munthu wotsikamo amakhala asanafike. Phazi laponda pansi, pasipoti aidinda, sutikesi watola, koma m'kati mwake akadali kwawo. Tulo timamugwira dzuwa lili paliwombo, usiku maso ali gwa, njala imamudzutsa nkhuku zisanalire, mutu uli ngati wa munthu wa matsire chonsecho sadalawe ndi dontho lomwe. Pachizungu vutoli amalitcha jet lag.

Wina afunsa kuti nanga ife a ku chigwa cha Shire zikutikhudza pati, popeza sitima zoterozo timangoziona pa kanema. N'zoona. Doko lokha tili nalo ku Nsanje, lija adatsegulira malemu Bingu wa Mutharika mu Okutobala 2010, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo, koma bwato la katundu limene anthu ankaliyembekezera tsikulo lidagwidwa ku Mozambique, ndipo dokolo silidagwirepo ntchito imene adalimangira. Alendo a pa ndege okha ndiye tili nawo. Amatera pa Chileka, galimoto n'kuwatsitsa phiri lokhotakhota lija mpaka pa Thabwa, kuwoloka Shire, kudutsa pa boma la Chikwawa, ulendo wa ku Majete, nkhalango imene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa mu 2003 n'kubwezeretsamo zipembere, njovu ndi mikango. Chakumadzulo amawakweza boti pa Shire kuti akaone mvuu ndi ng'ona. Ena akachoka kuno amakakwera Ilala ku Monkey Bay, sitima imene idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Tsono taganizani munthu wachokera ku America, walipira ndalama zimene mphunzitsi wa pulayimale sangazipeze pa chaka chathunthu, wafika pamalo pamene wakhala akupalota, njovu ili apo ikumwa madzi, iye khosi lili pendeke, akuwodzera.

Ifeyo tikamva zimenezi timaseka. Timati matenda a anthu okhuta. Munthu wakhala pa mpando wawofuwofu, chakudya akuchita kumubweretsera, kanema ali pamphuno, ndiye n'kumati watopa? Akadayenda wapansi kuchokera kwa Chapananga kudzafika pa boma akadati chiyani? Kusekako ndimakumvetsa, koma tisafulumire abale. Kutopa kwa mlendoyu n'koona, si matama ayi. Chimene chikundisowetsa mtendere n'china: bwanji kutopa kwa munthu ameneyu kuli ndi dzina, kuli ndi akatswiri ake, mapiritsi ake ndi tsiku lake lopumulira, pamene kutopa komweko kukagwera munthu wina timakutcha ulesi?

Tiyambe ndi thupi. M'kati mwa ubongo, pamwamba pa mphambano imene mitsempha yochokera m'maso imadutsana, muli kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene ntchito yake n'kusunga nthawi. Kawotchi kameneka sikayendera batire, kamayendera dzuwa. Kuwala kukalowa m'maso m'mawa kamadziwa kuti kwacha. Mdima ukagwa kamauza thupi kuti litulutse melatonin, mankhwala a chibadwa amene amaitana tulo. Ndi kawotchi komweka kamene kamalamula kuti thupi lizizire pang'ono m'bandakucha, kuti njala izibwera nthawi yakutiyakuti, ngakhale nthawi yopita kuchimbudzi. Mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, adalandira mphoto ya Nobel chifukwa chofukula mmene wotchi imeneyi imayendera m'kati mwa selo, ndipo zonsezo adazipeza pofufuza tintchentche tating'ono tija timaunjirira pa nthochi yakupsa. Ndiye kuti ntchentche, nkhuku, ngakhale mtedza wa kumunda umene masamba ake amapindika kukada, tonse tili m'goli limodzi.

Vuto n'lakuti wotchi ya m'thupi silumpha. Ya pamkono mumangoipotokola, foni ndiye imadzisintha yokha musanatsike n'komwe, koma ya m'thupi imasuntha pafupifupi ola limodzi lokha pa tsiku. Mwezi wa Disembala nthawi ya ku New York imatsalira ya kuno ndi maola 7. Mlendo uja akamamudzutsa 7 koloko m'mawa kuti akadye, thupi lake likuti ndi pakati pa usiku. Akamalowa m'neti 10 koloko usiku, thupi likuti ndi 3 koloko masana. Kuti zilongosoke pamafunika pafupifupi sabata, ndipo ngati tchuthi chake n'cha masiku 10 ndiye kuti gawo lalikulu lathera kudzidikira. Kulowera kum'mawa n'kowawa kuposa kulowera kumadzulo, chifukwa tsiku la m'thupi la anthu ambiri limapitirira pang'ono maola 24, kotero kuchedwa kugona n'kosavuta kusiyana ndi kudzikakamiza kugona msanga. Amalonda athu amene amakapikula katundu ku Guangzhou, kumene nthawi ili patsogolo ndi maola 6, akuzidziwa zimenezi, ngakhale mwina ena amangoyesa kuti n'chakudya cha uko chimene sichidawayanje.

Si kutalika kwa ulendo kumene kumabweretsa vutoli. Wochokera ku London amakhala m'ndege maola pafupifupi 11 kuti afike ku Johannesburg, kenako ina yobwera ku Chileka. Amafika msana ukuwawa, miyendo itatupa, koma akagona bwino usiku umodzi kapena awiri zatha, chifukwa nthawi ya ku London imasiyana ndi yathu ndi ola limodzi kapena awiri basi. Iye wauluka motsetsereka, kuchoka kumpoto kudza kumwera, dzuwa osalidula njira. Amene amalangidwa ndi uja wapikisana ndi dzuwa. Mu 1884 mayiko 25 adakumana ku Washington n'kugwirizana kuti miyeso ya dziko lonse iziyambira ku Greenwich, ndipo mawotchi athu ali patsogolo pa Greenwich ndi maola awiri. Koma pa msonkhano umenewo thupi la munthu silidaitanidwe, ndipo silidasainire chilichonse.

Pa sitima ya pamadzi vutoli palibe. Queen Mary 2 imatenga mausiku 7 kuwoloka kuchokera ku Southampton kukafika ku New York, ndipo m'njiramo amabweza mawotchi ola limodzi limodzi mpaka maola asanu akwane, moti munthu amatsika iye ndi thupi lake ali pamodzi. Apa ndiye pali zoseketsa. Tchuthi cha pa sitima amachigulitsa ngati mankhwala a moyo wa piringupiringu, bwerani mudzapume, mudzaone dzuwa likulowa m'madzi, koma khomo lolowera ku mpumulowo ndi liwiro la makilomita pafupifupi 900 pa ola. Munthu amathamanga kuti akayende pang'onopang'ono. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Sankaganiza za ndege, koma ndege ndiyo yawavomereza kuposa wina aliyense.

Chigwa chino alendo a pa sitima chidawadziwa kale, ndege kulibe. David Livingstone adanyamuka ku Liverpool mu Malichi 1858 n'kufika pa mathiriro a Zambezi mu Meyi, ndipo kasitima kake kotchedwa Ma Robert, kodya nkhuni ngati uvuni wa njerwa, kadakwera Shire mu Januwale 1859 mpaka mathithi a Kapichira atakatsekera njira. Mu 1861 sitima ya Pioneer idabweretsa Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, itakhala ikutitimira m'mchenga mobwerezabwereza. Anthu amenewa jet lag sadaidziwe. Ankafika pang'onopang'ono, tsiku lililonse dzuwa likuwatulukira pafupifupi nthawi yomwe lidawatulukira dzulo. Koma ndisakunamizeni kuti kale kudali bwino. Malungo adawadikira m'madambo. Mackenzie adamwalira pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson adamwalira kwa Chibisa mu 1863. Manda a awiriwa ali ku Chikwawa konkuno. Atati ndisankhe pakati pa sabata yowodzera masana ndi miyezi ya m'madambo a udzudzu, ndege ndingaikwere osacheuka.

Chimene ndikufuna tione m'mbiri imeneyi n'chakuti ulendo wa alendo aja udali pa mitu ya anthu ena. Mu 1875 amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Edward Young pamodzi ndi Robert Laws, adafika pa mathithi omwewo ndi sitima yoyamba yotchedwa Ilala. Adaimasula zidutswazidutswa, ndipo amuna mazanamazana, amene mafumu a Makololo a m'chigwa chino adawasonkhanitsa, adasenza zitsulozo kukwera nazo mitunda, kulambalala mathithi onse, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, dzuwa la Sepitembala likuswa mtengo. Malipiro awo adali nsalu. Sitimayo idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, ndipo mabuku a mbiri amatchula azungu aja mmodzimmodzi pamene osenzawo amangowawerenga ngati nambala. Pambuyo pake, sitima za kampani ya Mandala zikakocheza kwa Katunga, bwana ankakwera phiri lopita ku Blantyre ali chigonere m'machila, onyamula akusinthana mapewa. Akafika pamwamba, amene ankafunsidwa kuti mwayenda bwanji, n'kupatsidwa madzi osamba ndi bedi, adali wa m'machila uja.

Komatu nzeru ya kufika makolo athu adali nayo, ndipo m'midzi yambiri ikadalipo. Mlendo akatulukira, ana amathamanga kukamulandira katundu. Amamuyalira mphasa pamthunzi, madzi akumwa amabwera, ndipo palibe amene amamufunsa chimene wadzera ali chiimire, thukuta lisanaume. Akapuma ndi pamene malonje amayamba, ndipo malonje si muli bwanji wa pamsewu uja. Mlendo amafotokoza mmene wasiyira kwawo, amene akudwala, mmene mvula yagwera, kumene adagona m'njira, mmene adawolokera mtsinje. Eni mudzi nawonso amayala zawo. Nkhani yeniyeni imene wadzera, kaya ndi ya ukwati kaya ndi ya ngongole, imatha kudikira mpaka atadya, mwinanso mpaka m'mawa mwake. Uthenga wa maliro wokha ndiwo sugona.

Anthu a m'tauni ena amati kumeneku n'kutaya nthawi. Ine ndimaona kuti malonje ndi njira yodikirira munthu kuti akwane. Pofotokoza ulendo wake mlendo amauyendanso ndi pakamwa, mudzi ndi mudzi, mpaka mawu ake adzafike pa mphasa pamene thupi lakhala kale. Chinenero chathu chimasiyanitsa bwino zimenezi. Pali kufika, pali kukhazikika. Timati mtima wakhala pansi, kapena mtima ukadali m'mwamba, ndipo munthu amene mtima wake ukadali m'mwamba simumuzenga mlandu, simupangana naye za mtengo wa ng'ombe, simumupatsa nkhwangwa kuti akadule mtengo. Sindikunena kuti m'midzi mudali angelo. Mkamwini watsopano angakuuzeni nthawi imene ankadzukira kupita kumunda kwa apongozi. Koma mphasa ija sankayalira olemera okha. Wobwera pa njinga ndi wobwera wapansi, wonyamula nkhuku ndi wa manja lendelende, aliyense madzi ankalandira. Nthawi yofikira idali yake chifukwa choti ndi munthu wochokera kutali, basi.

Lero nthawi yofikira ili pa msika, ndipo pa sitima za tchuthi zija ndi pamene zimaonekera poyera. Icon of the Seas, imene idayamba kuyenda mu 2024 kuchokera ku Miami, imatha kunyamula alendo okwana 7,600, ndipo antchito ake ndi oposa 2,300. Antchito a m'sitima zotere ambiri amachokera ku Philippines, India ndi Indonesia. Nawonso amauluka, ndipo amadula dzuwa kuposa alendowo: Manila ndi Miami zimasiyana ndi maola 12 kapena 13, usana kusanduka usiku weniweni. Akalowa m'sitima ntchito ndi ya masiku 7 pa sabata kwa miyezi ingapo. Pangano la mayiko la mu 2006 loteteza ogwira ntchito panyanja limati munthu apume maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, ndi maola 77 pa sabata. Werengerani nokha. Sabata ili ndi maola 168, ndiye kuti pa muyeso umenewu maola 91 a ntchito ndi ololedwa. Mlendo ndi womutsanulira tiyi, onse mawotchi a m'thupi asokonekera chimodzimodzi, mwinanso adakwera ndege imodzi. Mmodzi akayasamula timati pepani bwana, ulendo udali wautali. Winayo akayasamula wapalamula.

Agogo athu a Wenela adaziona mwa mtundu wina. Ambiri a iwo ndege adaikwera koyamba pochoka pa Chileka kukatera ku Francistown, kenako sitima ya pamtunda kupita ku migodi ya ku Joni. Powalandira sipadali mphasa. Padali sikelo, dokotala ndi nambala. Chonsecho eni migodi ankadziwa bwino kuti thupi silizolowera tsiku limodzi. Asanamutsitse munthu ku migodi yakuya ndi yotentha, ankamulowetsa m'chipinda cha nthunzi kuti azikwera ndi kutsika pa chipika kwa maola angapo, masiku angapo, mpaka thupi lizolowere kutentha. Nthawi yozolowera ankapereka ndithu, koma ankaipereka chifukwa munthu wokomoka pansi pa mgodi sakumba golide. Kudikira thupi la munthu chifukwa mumufuna akhale bwino, ndi kulidikira chifukwa mukufuna lipirire kwambiri, kunja zimaoneka zofanana, koma wolandirayo amadziwa kusiyana kwake.

Ndipo sipafunika ndege kuti wotchi ya m'thupi isokonekere. Aliyense wogwira ntchito usiku ali pa ulendo umenewu asanachoke pakhomo. Namwino amene sabata ino ali masana, sabata yamawa usiku, thupi lake limawoloka nyanja ya Atlantic n'kubwerera mwezi ndi mwezi, popanda pasipoti. Chimodzimodzi mlonda, wapolisi wa pa rodibuloko, dalaivala wa lole ya ku Beira, ndi ogwira ntchito m'fakitale ya shuga ku Nchalo imene nyengo yogaya nzimbe imalira usana ndi usiku. Kusiyana kwake n'kwakuti mlendo amachira pakatha sabata chifukwa dzuwa la kumene wafika limamuthandiza, pamene wa usiku dzuwa limalimbana naye tsiku lililonse. Akamaweruka 6 koloko m'mawa, kuwala kumene akukumana nako panjira kumauza ubongo wake kuti kwacha, dzuka. Nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse idaika ntchito ya usiku m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa mu 2007, n'kubwerezanso mu 2019. Choncho amene timamumvera chisoni ndi amene vuto lake n'la masiku owerengeka, ndipo amene timamukalipira ndi amene lake n'la zaka.

Mayankho a otsutsa ndikuwadziwa. Ena ati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mlonda adadziwa kuti ulonda ndi wa usiku, namwino adalumbira yekha. Mwambiwu umagwira pamene munthu adali ndi kwina kokakwata. Mnyamata amene munda wake udapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023 sadasankhe ulonda pakati pa ntchito zisanu. Komanso ngati kusankha kumachotsa ufulu wodandaula, mlendo uja ndiye adasankha koposa onse, ndi ndalama zake zomwe. Bwanji iyeyo sitimuuza za mphenzi?

Ena ati mlendo walipira, tsiku lopumulalo adaligula, ndipo ndalama zakezo n'zimene zikulemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira Majete. Apa ndikuvomera kwathunthu, ndipo sindikufuna kumulanda pilo. Agone, adzuke bwino, aone njovu zake, adzabwerenso ndi anzake. Koma tiyeni tione bwino chimene ndalama zagula. Zagula bedi, neti ndi chipinda chozizira. Sizidagule kawotchi ka mu ubongo kaja, chifukwa kameneko aliyense adabadwa nako, ndipo kosauka sikayenda msanga kuposa kolemera. Chinthu china chimene ndalamazo zagula mwakachetechete ndi kukhulupiriridwa. Wolemera akati ndatopa, mawuwo amamveka ngati lipoti la dokotala. Wosauka akati ndatopa, amamveka ngati chiyambi cha bodza. Bedi labwino likhoza kugulitsidwa, ndilibe nazo mlandu. Koma kukhulupirira munthu akanena za thupi lake sikuyenera kukhala ndi mtengo.

Yankho lovuta kwambiri ndi lachitatu. Ntchito zina sizingadikire. Mayi wa pakati sasankha ola lochira, makina a magetsi pa Kapichira sagona, ndipo sitima yonyamula anthu zikwizikwi singakhale padoko chifukwa wophika mmodzi tulo sitidamukwane. Zoona zimenezo. Dziko la masiku ano limafuna kuti ena akhale maso kuti ena agone. Koma ngati zili choncho, tulo tathu ife ogona ndi ngongole, ndipo ngongoleyo sithera pa malipiro a pamwezi. Zina mwa njira zobwezera sizifuna ndalama zambiri n'komwe. Akatswiri amati posinthanitsa anthu pa ntchito n'kwabwino kuyenda ndi dzuwa, m'mawa kenako masana kenako usiku, pa chifukwa chomwe chija chopangitsa ulendo wa kumadzulo kukhala wopepuka. Amatinso munthu akatsiriza mausiku otsatizana apatsidwe masiku opuma asanabwerere ku ntchito ya masana, ndipo kagonedwe kakafupi ka pakati pa usiku, mnzake atamugwirira, kamachepetsa zolakwa. Lamulo lathu la ntchito la mu 2000 limati sabata ya ntchito ndi maola 48. Mlonda wolowa 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, mausiku 6 pa sabata, wagwira maola 72.

Apa nkhani yachoka ku Miami yafika pa geti panu, inu amene mwagula nyuzipepala ino. Bwana akachokera ku msonkhano wa ku New York kapena ku Beijing, m'mawa mwake ku ofesi sapita, ndipo aliyense amamvetsa. Sekilitale amangoti abwana akupuma, afika dzulo. Bwana yemweyo, usiku umene wafikawo, aimba hutala katatu pa geti, apeza mlonda akusinza, ndipo pakutha pa mwezi amudula malipiro. Anthu awiriwa akudwala chinthu chimodzi, ndipo wodwala kwambiri ndi amene wadulidwa. Mlonda wogona pa ntchito ndi vuto ndithu, nanga si akuba sagona, koma funso loyamba likadakhala lakuti munthuyu masana amagona kuti, ndipo adapuma liti komaliza.

Malonje nawonso m'tauni akutha. M'bale wochokera kumudzi, amene wadzuka nkhuku zoyamba kuti apeze minibasi ya ku Blantyre, asanakhale n'komwe tayamba kale kumufunsa tsiku lobwerera. Mwana wochokera ku Joni, amene wakhala pa basi masiku awiri kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, miyendo ili ndendende, maso athu amakhala pa zikwama. Pofika madzulo mavuto onse a pabanja tamuyalira: fizi, denga lodontha, mlandu wa malire a munda. Iye mtima ukadali pa chipata cha Beitbridge, koma tikufuna ayankhe lero lomwe, ndipo akayankha mopsa mtima timati ku Joni kwamusintha.

Kuno ku chigwa wa ntchito ya usiku amavutika kawiri. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu ndi ku Nchalo kumapitirira madigiri 40. Mlonda aweruka m'mawa, apalasa njinga kufika kunyumba dzuwa litakwera kale, alowa m'nyumba ya malata imene pofika 10 koloko yasanduka ng'anjo. Ana akusewera pakhonde, wailesi ya anansi ikulira, mbuzi zalowa m'dimba. Akatulutsa mphasa kuti agone pansi pa mtengo, odutsa amamuona, ndipo mwamuna wogona masana anzake ali kumunda dzina lake m'mudzi limadziwika. Choncho amadzuka, atola khasu, akapalira mizere ingapo ya mapira kuti asanenedwe. Mkazi wake amusungira nsima ya masana, adya, atsamira khoma pang'ono. Pofika 5 koloko amakhala akupopa matayala a njinga, tochi ili m'thumba.